Mayi Chikaiko ndi Diresi la Mwana wa Eni

Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala khonde limodzi ndi Mayi Chikaiko, iwo kumanja ndi makina awo osokera, ine kumanzere ndi nsapato za anthu, koma mpaka lero akamapita kuchimbudzi amanyamula sizasi yawo. Tsiku lina zitandikwana ndinawafunsa kuti, "Mayi, sizasi yanuyo ine ndingaichite chiyani, mpeni wanga uli apa?" Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi n'kuti, "Nanga mwadziwa bwanji kuti ndaitenga, ngati simuiyang'anayang'ana?" Ndinangobwerera ku nsapato zanga.

Dzinalo sanabadwe nalo, tinawapatsa ndife a mumsewu muno, ndipo limawakhala. Munthu akabwera ndi thalauza, amayamba apisa m'matumba monse mwini wake akuona, kuopa kudzanamiziridwa mawa. Wina akawayamikira kuti asoka bwino, sathokoza msanga, amadikira kaye amve chimene akufuna. Banja lawo linatha chifukwa cha khalidwe lomweli, ngakhale pamenepo sanalakwe. Amuna awo anali dalaivala wa lole, ndipo tsiku lina mayiwa anapeza thumba la jekete lawo litasokedwa ndi msoko umene sunali wa dzanja lawo. Sanafunse munthu. Anangotenga ana awo awiri ndi makina, ndipo makina omwewo ndi amene analera anawo mpaka anakula n'kupita kutali.

Sukulu ya pulaimale ili kumunsi kwa msewu wathu, choncho ntchito yambiri ya mayiwa ndi mayunifolomu. Amati mwana amanama koma nsalu sinama. Chovala chikakodwa pamsomali chimang'ambika mopanga kona. Chikakokedwa ndi dzanja pandewu, ulusi umatamuka n'kuduka mwamanyumwa. Chikangotha ndi sopo, nsalu imapyapyala kaye. Mwana akanena kuti wagwa pamene wamenyana, mayiwa amamumvetsera mpaka amalize, kenako amamuuza mbali imene mnzakeyo anaima. Ine zimenezi ndinkaziona ngati matama, ngakhale kawirikawiri ankalondola.

Kamtsikana kamene ndikufuna kunena kanabwera koyamba Lolemba lina, ana atangoweruka. Kanali ka zaka ngati khumi, koonda, koyankhula motsitsa mawu, chikwama katachikumbatira pachifuwa. Mayi ake ndinkawadziwa, amagwira ntchito kufakitale ya sopo, ndipo nsapato zawo ndinazisokapo kawiri. Bambo ake sindinawaonepo. Diresi la mwanayo linali litamasuka msoko wa m'munsi. Mayi Chikaiko anamupatsa nsalu yoti afunde kuseri kwa katani, n'kumuuza kuti akhale pabenchi adikire, poti panali ntchito za anthu ena. Anadikira osadandaula mpaka belu la kufakitale litalira faifi koloko, ndipo anavala n'kumapita.

Lachinayi anabweranso, mkono wa diresi ukulendewera. Lolemba lotsatira linali thumba. Kenako kolala, kenako m'chiuno, kenako m'munsi muja kachiwiri. Ine ndinamupatsa dzina loti Kamsoko, ndipo ndikamuitana choncho ankamwetulira pang'ono, maso ali pansi.

"Bambo Nsapato," anatero Mayi Chikaiko tsiku lina mwanayo atapita, "pali munthu akumukoka mwana uyu."

"Mayi, ana amasewera. Diresilo n'lakale."

"Lakale ndilo langa ndavalali. Lija lagulidwa chaka chino."

Anayamba ndi ana anzake. Ankaima pakhonde nthawi yoweruka, manja m'chiuno, kuyang'ana mwana aliyense wodutsa ngati anawabera nkhuku. Atalephera kupeza wolakwa, anatseka makina m'mawa wina n'kupita kusukulu komweko. Anabwerako akupuma mwaukali. Aphunzitsi a mwanayo, mtsikana wachichepere wongoyamba kumene ntchito, anawauza kuti palibe amene amamenyana naye, kungoti masiku ano sayankha m'kalasi, ndipo akaweruka amapempha kuti azisesa yekha mpaka alonda amachita kumutulutsa pofuna kukhoma geti.

"Mwamva?" anatero mayiwa. "Akumusesetsa mwana wa eni ngati wantchito, kenako akuti amapempha yekha. Ndi mwana uti amene amapempha tsache?"

Ndinawauza kuti asiye aphunzitsi a eni apume. Anandiyankha kuti munthu wokhalira kuyang'ana zidendene za anthu sangadziwe za pankhope. Kenako chikaiko chawo chinagwera mayi a mwanayo. Tsiku lina ananamizira kumuyeza Kamsoko ndi tepi, n'cholinga choti aone mikono ndi msana. Sanapeze chipsera ngakhale chimodzi, ndipo m'malo mosangalala anakhala tsiku lonse ali ndwii, ngati munthu amene wabwera mochedwa pamsika.

Ndiye anatchera msampha wawo wa utelala. Anasoka diresi lonse kawiri, ndi ulusi wolimba umene amasokera mayunifolomu a alonda, woti ngakhale anthu awiri akokerane sungaduke. "Likamasukanso ili," anatero, "ndiye kuti ine si telala." Patangopita masiku atatu, Lolemba, Kamsoko anatulukira mkono wa diresi uli pululu.

Mayi Chikaiko analitembenuza diresilo, n'kupita nalo padzuwa. Anavala magalasi, anawavula, anawavalanso. Kenako anandiitana. Ulusi sunali wotamuka. Unali wodulidwa bwinobwino, umodziumodzi, kuchokera m'kati, nsalu osakhudzidwa n'komwe.

"Iwe, bweretsa chikwamacho," anatero.

Mwanayo anapereka chikwamacho. M'kathumba ka mapensulo munali lezala yosongolera, ndipo kumphepete kwake kunali kaulusi ka mtundu womwe uja.

Sindinawaonepo mayiwa atapsa mtima chotero. Chimene chinawapweteka sichinali ntchito yotayikayo ayi. Chinawapweteka n'choti milungu inayi yathunthu anakayikira ana a eni, aphunzitsi ndi mayi wobereka, pamene wowapusitsa anali atakhala pabenchi pawo pomwe.

"Ndiye umandiyesa chidole chako eti? Ine kukakangana ndi aphunzitsi chifukwa cha iwe, iwe uli phee ukudula wekha?"

Mayiwa sanamupatsenso nsalu yofunda. Anamuimika pomwepo, n'kusoka mkonowo ndi singano yapamanja diresi lili m'thupi, ndipo sipanathe mphindi zitatu. Analuma ulusi n'kumukankhira chikwama.

"Thamanga kwanu. Ndisadzakuonenso pano ndi masewera akowo."

Nthawi inali isanakwane thuu koloko. Kamsoko anaima kaye pamasitepe, n'kuyang'ana kwa ine. Ine, ndivomere, ndinaweramira nsapato imene ndinkamata, poti ndinkaona kuti mayiwa akhoza. Anatsika n'kumapita pang'onopang'ono, akukhuza phazi m'mphepete mwa ngalande.

Lachiwiri sanabwere. Lachitatu ndi Lachinayi tinamuona akudutsa tsidya lina la msewu, osacheuka. Mayi Chikaiko anapambana mlandu, koma sanaoneke ngati wopambana. Anasoka zipi ya munthu chadodolido, chinthu chimene sindinachionepo, ndipo anamasula akung'ung'udza. Lachisanu masana anaimitsa makina mwadzidzidzi.

"Bambo Nsapato, munthu akakupusitsa amakhala akufuna kanthu. Uja ankafuna chiyani?"

"Chibwana basi, mayi."

"Chibwana chimaseka. Munamuonapo akuseka? Sindinamupatsepo switi, sindinamupatsepo kansalu. Ankapindula chiyani pano?"

Ndinati ndiyankhe mwachipongwe, koma ndinakumbukira kanthu. Tsiku lililonse mwana uja ankandifunsa nthawi, kawiri kapena katatu, monong'ona. Ndipo pakabwera munthu wina ndi chovala, iye ankafulumira kunena kuti, "Yambani za awa, ine ndidikira." Ndinawauza mayiwa zimenezi.

Anayamba kuwerenga pa zala. Mwanayo ankabwera akangoweruka. Ankachoka belu la kufakitale likalira, nthawi imene mayi ake amaweruka. Loweruka, tsiku limene kufakitale sagwira ntchito, sanabwerepo. Ndipo masiku amene sanali pakhonde pathu ndiye aja ankapempha tsache kusukulu.

"Aphunzitsi aja ananena zoona," anatero mayiwa. "Mwana uja safuna kukhala kunyumba mayi ake kulibe. Ndipo ine ndinamuuza kuti athamange."

Anaimirira n'kuyamba kuvala nsapato. Ine mantha anandigwira, ndipo sindibisa, ndinayesa kuwaletsa. Ndinati za m'nyumba ya eni n'zovuta, tikhoza kukanyozeka, tidikire mayi ake madzulo.

"Madzulo ndi faifi koloko. Pano ndi thuu. Ngati mukuopa, khalani muzilondera guluu wanu."

Ananyamuka, sizasi n'kuisiya pamakina. Ndinatseka bokosi langa n'kuwatsatira.

Nyumbayo ndi imodzi mwa zipinda zalendi zondondozana kuseri kwa chigayo. Zitseko zina zinali zotsegula, ana akusewera pakhomo, koma cha mayi a Kamsoko chinali chotseka, katani ya pawindo yotsitsa, wailesi ikulira mokweza m'kati. Mayi Chikaiko anagogoda. Anagogodanso ndi chibakera. Wailesi inatsika, tinamva loko akutembenuzidwa, ndipo anatsegula bambo wina wooneka bwino, wometa bwino, wa zaka ngati makumi atatu. Anatipatsa moni mwaulemu, manja awiri, n'kudzitchula kuti ndi malume ake a mwanayo, anabwera miyezi iwiri yapitayo kudzafuna ntchito. Kunena zoona ine mtima unatsika, ndinayamba kuchita manyazi kuti tasokoneza munthu wabwinobwino. Chikomekome cha mkuyu chinandipusitsa ine, mayiwa ayi.

"Pepani bambo, ndine telala," anatero akumwetulira, kumwetulira kumene ine sindinakulandirepo zaka zonsezi. "Ndinaiwala singano m'diresi la mwana. Ukalambatu. Ndaopa ingamubaye."

"Aa, zikomo kwambiri amayi. Avule akupatseni, mubweza mawa."

"Ayi, singano imafunika kuifufuza diresi lili m'thupi, apo ayi imathawira m'msoko. Ndipita naye, sitichedwa."

Bodza limenelo ngakhale mwana wakhanda akanalikana, koma analinena ndi nkhope ya munthu wodziwa ntchito yake. Kamsoko anali ataima pakona pafupi ndi kabati, akadali mu yunifolomu, chikwama chili pachifuwa. Bamboyo anamuyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko ndi kumene kunandichotsa manyazi aja. Kunali kwa kanthawi kochepa, koma mwanayo anagwetsa maso ngati wamenyedwa.

"Ali ndi ntchito za pakhomo," anatero bamboyo, ulemu uja ukuchepa.

"Zidikira," anatero mayiwa. Analowa osapemphedwa, anagwira mwanayo padzanja n'kutuluka naye. Ine ndinaima pakati pa iwo ndi chitseko mpaka atafika pamsewu.

Titafika pakhonde ndinkayembekeza kuti mafunso ayamba, poti mayiwa akafuna kudziwa kanthu amafunsa ngati loya. Sanafunse. Anakoka kampando n'kukaika pafupi ndi makina, anamupatsa mwanayo chitini cha mabatani kuti asankhe oyera okhaokha, iwo n'kuyamba kusoka katani ya munthu, msoko wautali wosafuna kuganiza. Patapita nthawi anayankhula maso ali pa singano.

"Ndinakulakwira Lolemba. Unali ndi chifukwa chako, ine sindinafunse. Benchi ili ndi lako tsiku lililonse, diresi likhale lomasuka kapena ayi."

Mabatani anapitiriza kugwera m'mbale. Kenako, pansi pa phokoso la makina, ndinamva kamawu. Mayiwa anaimitsa phazi kuti amve bwino, ndipo kamawuko kanaima nthawi yomweyo. Anazindikira msanga. Anayambanso kuponda makina, mwanayo n'kuyambanso kuyankhula. Anasoka choncho mpaka katani inatha, n'kutenga chigamba chopanda ntchito, kumangochiyendetsa uku ndi uku kuti phokoso lisaleke, khutu atalipendeketsa.

Ine ndinatenga hamala n'kumakhoma chidendene chimene chinali chokhoma kale, kuti odutsa asaime. Zonse sindinamve, ndipo zimene ndinamva sindingazilembe pano. Ndingonena kuti amalume aja ankakhoma chitseko mayi akangochoka, ndipo anamuuza mwanayo kuti akadzangoulula, mayi ake adzadwala ndi chisoni n'kumwalira, iye n'kutsala yekha. Mwana wa zaka khumi anasenza zimenezo miyezi iwiri, ndipo nzeru imene anaipeza ndi lezala ya pensulo.

Atamaliza, Mayi Chikaiko sanakuwe, sanatukwane. Anangoti, "Ndakumva, ndipo ndakukhulupirira. Wolakwa si iwe." Mawu oti ndakukhulupirira ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo, ndipo anandilasa mtima.

Chimene chinatsala chinali chovuta kuposa zonse. Bambo uja anali mchimwene wawo weniweni wa mayi a mwanayo, bere limodzi. Mayiwo akakana kumva, mwana abwerera m'chipinda chomwe chija madzulo omwewo, ndipo mawa lake chitseko sichidzatsegulidwanso kwa telala wofuna singano. Belu litalira ndinakaima pamsewu kudikira mayi a mwanayo. Anatulukira ali ndi anzawo, atatopa, fungo la sopo lili thupi lonse, ndipo ndinawapempha kuti apatuke pang'ono.

Mayi Chikaiko anawalowetsa kuseri kwa katani n'kuwauza motsitsa mawu. Sipanapite nthawi, ndinamva mayiwo akukweza mawu.

"Amayi, mundisamale! Mchimwene wanga ndamulera ndekha ine. Inu si paja mumakayikira aliyense mumsewu muno? Lero mwafika pa banja langa?"

Apa mbiri ya Mayi Chikaiko inawaukira, ndipo ndinaona kuti zinthu zikutayika. Mayi uja anatuluka n'kugwira mwana wake pamkono kuti azipita. Mwanayo anauma ngati mtengo.

"Zoona, ndimakayikira aliyense," anatero Mayi Chikaiko. "Musandikhulupirire ine. Tembenuzani kolala ya mwana wanuyo muone nokha."

Mayiwo anazengereza, koma anatembenuza. Telala anawaonetsa ndi nsonga ya singano timabowo ta ulusi wakale pambali pa msoko watsopano. Anawaonetsa mkono, thumba, m'chiuno, m'munsi. Malo asanu ndi anayi. Kenako anatulutsa lezala ija, imene anailanda Lolemba, n'kuiika m'dzanja lawo.

"Diresi ili munagula ndinu, ndipo mukudziwa mmene amalikondera. Mwana amene amachapa yekha yunifolomu n'kuiyanika pamthunzi kuti isasuluke, n'chiyani chingamudulitse ndi dzanja lake kasanu n'kanayi? Nthawi zonse pakati pa thuu ndi faifi?"

Mayiwo anayang'ana lezala, anayang'ana mwana. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene akukumbukira zinthu zambiri nthawi imodzi. Anakhala pansi pasimenti, yunifolomu ya kuntchito ili m'thupi.

"Wakhala akundipempha kuti azindidikira pageti la kufakitale," anatero. "Ine ndinkamukalipira."

Mayi Chikaiko anavula magalasi, misozi ikutsika osaipukuta. "Ine ndinamuthamangitsa pano Lolemba. Masiku anayi amenewa ndi anga."

"Inu munamuthamangitsa kamodzi. Ine m'mawa uliwonse ndimamuuza kuti azimvera amalume ake."

Zakupolisi ndi zakuchipatala zinachitika tsiku lomwelo, tonse atatu tinapita ndi mwanayo, ndipo bambo uja sanagonenso m'chipinda chija. Aphunzitsi aja anathandiza kwambiri m'miyezi yotsatira, ndipo Mayi Chikaiko anapita okha kukawapepesa. Koma ine chimene chimandibwerera ndikakhala chete ndi chimene chinachitika tisananyamuke pakhonde paja.

Mwanayo anali ataima patali pang'ono, akuyang'ana mayi ake ali pansi akulira. Sanawayandikire. Nkhope yake inali ya mantha kuposa mmene inalili kuchipinda kuja, ndipo tonse sitinamvetse mpaka anafunsa.

"Amayi, mwayamba kudwala?"

Mayiwo anayang'ana kwa telala, telala n'kuwanong'oneza zimene mwanayo anauzidwa. Pamenepo mayi uja anapukuta nkhope ndi manja onse awiri, anadzuka, anaima chilili n'kudzigunda pachifuwa kuti mwana amve.

"Ndiyang'ane bwinobwino. Sindikudwala, ndipo sindifa. Anakunamiza. Wandiuza, ndipo ndili moyo. Bwera kuno."

Chikwama chija chinagwa pansi, mabuku n'kumwazika pamasitepe, ndipo mwanayo analira mokweza ngati kamwana kakang'ono, nkhope ataibisa pamimba pa mayi ake.